Gemu ikalandira update, n'chifukwa chiyani ma mod amayamba kulimbana?

Pa 11 November 2021, kampani ya Bethesda inatulutsa Skyrim Anniversary Edition pokumbukira zaka khumi chitulukireni gemuyi. Tsiku lomwelo, anthu amene anali ndi Skyrim Special Edition pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, analandira update, kutanthauza zosintha zimene eni gemu amatumiza, kaya anagula zowonjezera za Anniversary Edition kaya sanagule, ndipo nambala ya gemu inachoka pa 1.5.97 n'kulowa m'ma 1.6. Amene ankasewera gemu yokhayokha, monga mmene inachokera kwa eni ake, sanaone chovuta chilichonse. Koma amene anali ataidzaza ndi ma mod, zosintha ndi zowonjezera zimene osewera amapanga okha, anaona zina. Kwa ambiri gemu inakana n'kutseguka komwe. Kwa ena inatseguka ndithu, koma ma mod amene dzulo lake ankayenda limodzi bwinobwino anali atasiya kumvana.

Zoterezi sizichitika pa Skyrim pokha. Osewera Minecraft, The Sims 4, Fallout 4, GTA V, RimWorld ndi Cities: Skylines onse amalidziwa tsiku lotere. Ndipo likafika, chala chimalozedwa mbali ziwiri: ena amati kampani yawononga dala, ena amakalipira wopanga mod kuti akuchedwa kukonza. Ine ndimaona kuti onsewa amaphonya pamene pagona nkhani. Mod imamangidwa pa zinthu zimene eni gemu sanalonjeze kuti azisiya mmene zilili, ndipo mod iliyonse imagwira gemu pamalo ake, ina pamwamba chabe, ina mkati mwenimweni. Mukadziwa pamene mod yagwira, mutha kudziwiratu ngati update iiphwanye, komanso kuti ilimbana ndi mod iti.

Taganizirani munthu wochita lendi amene wakhoma mashelefu m'nyumba, wakoka mawaya ake, wamangirira kachipinda kukhoma lakunja. Mwini nyumba sanamuletse, mwinanso akusangalala kuti nyumba yake ikukongola. Koma tsiku limene mwiniyo waganiza zosuntha khoma, safunsa kuti mashelefu akhomedwa pati. Tsono m'nyumba imeneyi ochita lendi alimo mazana, sadziwana, ndipo aliyense akukhoma zake pakhoma lomwelo.

Tiyambire pamwamba. Mod yosavuta kwambiri ndi imene imangolowetsa fayilo yake m'malo mwa fayilo ya gemu ya dzina lomwelo: chithunzi cha khungwa la mtengo, kulira kwa mfuti, maonekedwe a chovala. Ma mod awiri akabweretsa fayilo ya dzina limodzi palibe zogawana, imene yaikidwa pomaliza ndiyo imaoneka. Mapulogalamu oyang'anira ma mod monga Mod Organizer 2 ndi Vortex amathandiza munthu kuona mafayilo amene akupondana ndi kusankha imene ikhale pamwamba. Pa zithunzi ndi mawu vuto silikula, ndipo ma mod otere amatha kudutsa ma update ambiri osakhudzidwa.

Limakula fayilo yolowa m'maloyo ikakhala ya malamulo a gemu. Magemu a Paradox, monga Stellaris ndi Crusader Kings III, amasunga malamulo ambiri m'mafayilo a zolemba wamba amene aliyense angatsegule n'kuwerenga. Wopanga mod akafuna kusintha mzere umodzi, nthawi zina amakopera fayilo yonse, n'kusintha mzere wakewo, n'kuifalitsa. Update ikabwera, eni gemu amawonjezera zatsopano m'fayilo yawo ija, koma gemu imapitiriza kuwerenga ya mod, yomwe inakoperedwa chaka chatha. Zatsopano zija zimakwiririka. Ndiye pabwere mod yachiwiri imene mwini wake waikonza kale kuti igwirizane ndi update: ikafunafuna chinthu chatsopanocho sichipeza. Wosewera amaona ngati mod yatsopanoyi ndiyo yawonongeka, pamene chayambitsa vuto ndi mod yakale ija imene ili phee, yosaonetsa chizindikiro chilichonse.

Magemu a Bethesda ali ndi kachitidwe kena, ndipo m'pofunika kukamvetsa bwino chifukwa mikangano yambiri ya ma mod imabadwira pamenepa. Chinthu chilichonse cha m'gemu, kaya lupanga, munthu, chitseko kapena nyengo, chili ndi record yake, mmene mwalembedwa zonse zokhudza chinthucho. Mod imabwera ngati fayilo ya .esp, .esm kapena .esl yonyamula ma record atsopano kapena osinthidwa. Gemu imawerenga mafayilowa motsatizana, ndipo mndandanda umenewu ndi umene osewera amautcha load order. Lamulo lake ndi louma: record imodzi ikasinthidwa ndi ma mod angapo, pa zinthu zambiri gemu imatenga ya mod yomaliza yonse yathunthu, zinazo n'kuzitaya.

Lupanga lachitsulo la mu Skyrim mphamvu yake ndi 7. Tinene kuti mod ina yaikweza kufika pa 12, ndipo mod inanso, imene ilibe chochita ndi nkhondo, yangosintha mtengo umene lupangalo limagulitsidwira. Mwini mod yachiwiriyi sankafuna kukhudza mphamvu ya lupanga, koma record yake yanyamula lupanga lonse, ndi 7 wake yemwe. Ikakhala m'munsi mwa inzake pamndandanda, mphamvu ija imabwerera pa 7. Gemu sizima, situlutsa uthenga uliwonse. Munthu amangodabwa kuti adani akuchedwa kufa. Vuto lina lodziwika limaoneka ndi maso: nkhope ya munthu wa m'gemu imakhala ya mtundu wosiyana ndi khosi ndi manja ake. Zimatero record ya munthuyo ikachokera ku mod ina, pamene mafayilo a nkhope yake achokera ku mod inanso. Mndandanda wa ma record wapatsa mpando mod iyi, mndandanda wa mafayilo wapatsa mpando mod iyo, ndipo ziwirizo sizikugwirizana.

Osewera anapeza njira zothetsera zimenezi. Pulogalamu ya LOOT imasanja load order potengera zimene anthu ambiri apeza. Pulogalamu ya xEdit imaika ma record a ma mod onse m'mizere yoyandikana, n'kuonetsa ndi mitundu pamene pali kusemphana, moti munthu amatha kutenga 12 uja ku mod yoyamba ndi mtengo watsopano ku mod yachiwiri n'kuziphatikiza m'kafayilo kachitatu. Kafayilo kameneka ndi patch, ndipo kamaikidwa pomaliza kuti kapambane onse awiri. Apa m'pamene update imalumira. Patch imajambula mmene ma mod awiri analili tsiku limene inapangidwa. Gemu ikasintha, eni ma mod awiri aja amakonza ntchito zawo, koma patch imatsala ndi zakale, ndipo popeza ili pomaliza, ndiyo imapambana. Chinthu chomwe chinapangidwa kuti chiyanjanitse ma mod ndicho chimabweza zimene onse awiri akonza. Ikamaloza record imene mmodzi wa iwo waichotsa, gemu imatha kudzitseka yokha wosewera akangofika pamalo pamene chinthucho chinayenera kupezeka. Munthu wokhala ndi ma mod mazana awiri amatha kukhala ndi ma patch makumimakumi, iliyonse ikudalira ma mod awiri kapena atatu kuti asasinthe.

Tikatsika pang'ono timafika pa ma mod amene amasintha code ya gemu ikamayenda. Code imagawidwa m'tizigawo totchedwa ma function, kalikonse ndi ntchito yake: kena kamawerengera kuti mbewu ikula liti, kena kamasankha njira imene galimoto idutse. M'magemu olembedwa m'chinenero cha C#, monga RimWorld, Cities: Skylines ndi Stardew Valley, opanga ma mod ambiri amagwiritsa ntchito Harmony, chida chimene anapanga Andreas Pardeike. Harmony imalola mod kuika code yake function isanayambe, kapena itatha, kapenanso kusintha malangizo ena mkati mwa function momwemo. Ubwino wake ndi woti ma mod angapo amatha kukhudza function imodzi popanda kufufutana. Komabe malire alipo. Mod yoika code yake patsogolo ili ndi mphamvu youza gemu kuti function yeniyeniyo isayende n'komwe, ndipo zikatero, zonse zimene mod ina inasintha mkatimo zimangokhala osagwira ntchito. Mod yosintha mkati nayo imafufuza malangizo otsatizana mwanjira inayake kuti idziwe polowera. Eni gemu akawonjezera mzere umodzi pamenepo, kapena mod ina ikayamba kufika n'kusintha malowo, sipezanso polowera. Dzina la function likasintha, kapena ikayamba kulandira zinthu zitatu pamene kale inkalandira ziwiri, mod iliyonse imene inkaiitana imagwa. Kwa eni gemu kusintha kotere ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, sakulembako n'komwe pa mndandanda wa zosintha umene amauza osewera.

Minecraft ya Java inali ndi vuto lowonjezera. Kwa zaka zambiri code yake inkatuluka mayina ake atasokonezedwa dala, moti function imene Mojang ankaidziwa ndi dzina lomveka inkaoneka ngati chilembo chimodzi kapena ziwiri, ndipo zilembozo zinkasintha pa version iliyonse. Magulu a anthu odzipereka ankakhala pansi n'kumasulira mayinawo nthawi iliyonse, mpaka mu 2019 pamene Mojang anayamba kufalitsa okha mndandanda wa mayina enieni. Koma kugwedezeka kwakukulu kunabwera mu 2018 ndi version 1.13. Kale ma block, tizidutswa timene timapanga dziko la Minecraft, ankadziwika ndi manambala. Ubweya unali nambala 35, ndipo mtundu wake unkadziwika ndi kanambala kachiwiri, kotero ubweya wofiira unali 35:14. Mu 1.13 dongosolo lonseli linachotsedwa, ndipo ubweya wofiira unakhala block yakeyake yotchedwa red_wool. Kunali kusintha kwanzeru, chifukwa manambala aja anali ndi malire ndipo anali atatsala pang'ono kutha. Koma pafupifupi mod iliyonse yokhudza ma block inafunika kulembedwanso, ndipo Forge, imene ma mod ambiri amakwerapo, inatenga miyezi yambiri isanakonzeke. Nthawi imeneyo kunatulukira chonyamulira china cha ma mod chotchedwa Fabric, ndipo mu 2023 NeoForge inapatukanso kuchoka ku Forge. Lero wosewera amayenera kuonetsetsa zinthu ziwiri pa mod iliyonse: version ya Minecraft imene inapangidwira, ndi chonyamulira chimene imafuna. Mod ya Fabric siyenda pa Forge ngakhale nambala ya gemu ikhale yofanana.

The Sims 4 inachita zofanana mu November 2018, pamene gemu inasamuka kuchoka pa version 3.3 ya chinenero cha code cha Python kupita pa 3.7. Ma script mod, amene amalembedwa m'chinenerochi, amafalitsidwa atasandutsidwa kale kukhala malangizo amene version imodzi ya Python imamva, choncho anafunika kupangidwanso ngakhale amene code yawo inalibe cholakwika chilichonse.

Pansi penipeni pali ma mod amene amagwira gemu m'memory ya kompyuta. SKSE ya Skyrim ndi F4SE ya Fallout 4, zimene zimatchedwa ma script extender, komanso Script Hook V ya GTA V zili m'gulu limeneli. Pamenepa palibe mayina. Gemu inasandutsidwa kale kukhala manambala okhaokha ndi compiler, pulogalamu imene imatenga zimene anthu alemba n'kuzisandutsa malangizo a makina. Wopanga mod amafufuza moleza mtima mpaka atapeza kuti function yowerengera kuvulala ili pa adiresi yakutiyakuti, ndipo mod yake imapita pa adiresi imeneyo. Eni gemu akangosintha kanthu kakang'ono kwina n'kupanganso fayilo ya gemu, zonse zimasendera. Adiresi ija imakhala ikuloza pakati pa chinthu china. Mod ikalemba pamenepo, gemu imazima nthawi yomweyo, kapena imapitiriza ikuwononga zinthu mobisa. N'chifukwa chake zida zimenezi zimayamba zayang'ana nambala ya gemu, ndipo ikakhala yachilendo zimakana kuyenda. Uthenga wokanawo umakwiyitsa anthu ambiri, koma ukuteteza ma save awo, mafayilo osunga pamene afika m'masewera.

Pa Skyrim anthu anapeza mankhwala otchedwa Address Library. Ndi tebulo limene limapatsa malo aliwonse m'code nambala yosasintha, n'kuonetsa adiresi yake pa version iliyonse. Mod imangofunsa tebulo, ndipo update ikabwera munthu mmodzi amakonza tebulolo m'malo moti aliyense akonze mod yake. Njirayi inagwira ntchito bwino mpaka November 2021. Pa Anniversary Edition, Bethesda anasintha compiler kuchoka pa ya Visual Studio 2015 kupita pa ya Visual Studio 2019. Compiler yatsopano sinangosendeza zinthu, inazisanja mwanjira ina: ma function ena analowetsedwa mkati mwa anzawo, ena anasintha kapangidwe. Tebulo lakale silikanathanso kungowonjezeredwa, linafunika latsopano, ndipo ma mod odalira SKSE anafunika kugwiridwanso ndi eni ake imodziimodzi. Opanga SKSE anachenjeza anthu milungu ingapo tsikulo lisanafike, koma chenjezo silifika kwa aliyense, ndipo Steam imaika update osafunsa. Mu December 2023 kunabweranso update ina, ya 1.6.1130, ndipo kudikira kunayambiranso.

Fallout 4 inaonetsa kukula kwa zimenezi pa ntchito yaikulu. Gulu la Team FOLON linatha zaka likupanga Fallout: London, mod yaikulu ngati gemu yathunthu, ndipo linalengeza kuti iturutsidwa pa 23 April 2024. Kenako Bethesda analengeza update yaikulu ya pa 25 April, patangopita masiku awiri. Gululo linaimitsa kaye, chifukwa zida zimene mod yawo inkadalira, kuphatikizapo F4SE, zinali zoti zisiya kugwira ntchito. Inatuluka pa 25 July 2024 kudzera pa GOG, sitolo ina ya magemu, ndipo inatuluka ikufuna gemu ya kale, ya update isanabwere, moti amene anagula Fallout 4 pa Steam ankayenera kuyamba abweza gemu yawo m'mbuyo.

Zonsezi zikufotokoza chifukwa chake mod imodzi imaphwanyika. Koma chimene chimavutitsa anthu kwa milungu ndi nthawi. Update imafika kwa aliyense tsiku limodzi, pamene ma mod amakonzedwa aliyense pa nthawi yake. Wina amakonza usiku womwewo. Wina ali pa mayeso, wina akudwazika, wina anasiya kusewera gemuyo zaka zitatu zapitazo. Ambiri a iwo amachita ntchitoyi mongodzipereka, salipidwa ndi aliyense. Ndiye ma mod amadalirana motsatizana: mod yanu ya zovala imafuna mod ya mafupa a thupi, imeneyo imafuna library inayake (code imene ma mod ambiri amagwiritsa ntchito limodzi), library imafuna script extender, script extender imafuna version yakutiyakuti ya gemu. Wapamwamba sangayambe kuyesa ntchito yake wapansi asanamalize.

Pakati pa nthawi imeneyi m'pamene wosewera amagwira njakata. Library ija yatuluka yatsopano. Mod yoyamba yakonzedwa ndipo tsopano ikufuna library yatsopanoyo. Mod yachiwiri, imene mwini wake sanabwerebe, imayenda ndi yakale yokha. M'foda ya gemu mungakhale imodzi basi. Ma mod awiriwa sakhudza chinthu chimodzi m'gemu, ina ndi ya nyengo, ina ndi ya malonda, koma sangakhalenso pamodzi chifukwa cha chinthu chachitatu chimene wosewera mwina sanachiganizirepo. Steam Workshop, malo a pa Steam otengerako ma mod, imawonjezera moto, chifukwa imaika yokha ma version atsopano a ma mod amene muli nawo. Munthu atha kusunga gemu yake pa version yakale mosamala, koma m'mawa n'kupeza kuti theka la ma mod ake asamukira ku version yatsopano iye akugona.

Ndiye pali ma save, amene anthu amawaiwala mpaka zitavuta. Save sikumbukira malo amene mwafika pokha. Mu Skyrim imasunganso ma script, timapulogalamu ting'onoting'ono tolembedwa m'chinenero cha Papyrus, amene anali pakati pa ntchito, pamodzi ndi manambala amene anali nawo. Mukaika version yatsopano ya mod pa save yakale, mafayilo amakhala atsopano koma zina mwa zimene save inasunga zimakhalabe zakale, ndipo ziwirizi zimasemphana. Mukachotsa mod pakati pa masewera, zotsalira zake zimakhalabe mu save zikufunafuna chinthu chimene kulibe. Mu Minecraft, mukatsegula dziko lanu mod ina itasowa, ma block ake amatha kuzimiririka, ndipo gemu ikasunga dzikolo, kubwezeretsa mod ija sikuwabweza. Vuto la mtundu umenewu ndi limene ndimaliopa kuposa onse, chifukwa silioneka tsiku la update. Limadzaoneka patapita maola makumi angapo akusewera, pamene ma save abwino afufutika kale ndi atsopano.

Kodi eni magemu angachitepo kanthu? Angathe, ndipo ena asonyeza kale. Factorio, ya kampani ya Wube, inapatsa opanga ma mod khomo lovomerezeka lolowera, m'chinenero cha Lua. Mod iliyonse imalemba m'fayilo yake ya info.json version ya gemu imene imayendera, ma mod amene imafuna, ndiponso amene siingakhale nawo, polemba chizindikiro cha ! patsogolo pa dzina lawo. Gemu imawerenga zimenezi isanayambe, ndipo mod yosagwirizana siilowetsa. Zosintha za ma mod zimawerengedwa m'magawo atatu otsatizana, kuti mod ina ithe kuona zimene anzake achita n'kuwonjezerapo m'malo mozifufuta. Palinso njira yoti mod isinthe zakale za mu save kuti zigwirizane ndi version yatsopano. Factorio 2.0 itatuluka mu October 2024 ma mod anafunikabe kukonzedwa, koma wosewera ankauzidwa poyera kuti mod yakuti sinakonzeke.

Stardew Valley inayenda njira ina. Poyamba ma mod ambiri ankalowetsa mafayilo athunthu m'malo mwa a gemu, ndipo ankapondana monga tafotokozera. Chida chotchedwa Content Patcher chinasintha zimenezi: mod imangolemba chimene ikufuna kusintha, mzere wakuti, chithunzi chakuti pakona yakuti, ndipo zosintha za ma mod onse zimaikidwa pa fayilo ya gemu imene ilipo lero. Eric Barone, amene anapanga gemuyi, anagwira ntchito ndi Pathoschild, woyang'anira SMAPI (chonyamulira cha ma mod a gemuyi), pokonza version 1.6 imene inatuluka pa kompyuta pa 19 March 2024, ndipo opanga ma mod anauzidwa zosintha nthawi isanafike. RimWorld imalola mod imodzi kunyamula mafoda osiyana a ma version osiyana. Paradox amasiya ma version akale pa Steam kuti wofuna abwerere. The Sims 4 imazimitsa yokha ma mod update ikangolowa, kuti munthu ayambe waganiza asanawayatse.

Sindikuona kuti n'chilungamo kuuza kampani kuti isasinthe gemu yake. Zolakwika zimafunika kukonzedwa, ndipo osewera ambiri alibe mod ngakhale imodzi. Code imene palibe amene amaloledwa kuikhudza imakalamba msanga. Koma pali zinthu ziwiri zimene ndimakhulupirira kuti kampani iliyonse imene gemu yake ikukhalitsa pamsika chifukwa cha ma mod iyenera kuchita: kuchenjeza opanga ma mod nthawi ikadalipo, ndi kusiya njira yosavuta yobwerera ku version yakale. Zimenezi sizidula kwenikweni poyerekeza ndi ntchito yaulere imene anthu odzipereka amaika m'gemu kwa zaka. Pamene njira yobwerera palibe, osewera amakakamizika kudalira zida zapambali zotsitsira gemu m'mbuyo, zimene munthu watsopano sangazidziwe.

Kwa wosewera, chitetezo chachikulu chimachitika update isanafike. Pa Steam mutha kusankha kuti gemu izilandira update pokhapokha mukaitsegula kudzera pa Steam, kenako n'kumaitsegula kudzera pa script extender kapena pa pulogalamu yoyang'anira ma mod. Koperani foda ya gemu ndi ya ma save n'kuzisunga pena. Update ikatuluka, dikirani. Yambani ndi zapansi, script extender ndi ma library, kenako ma mod akuluakulu, ma patch pomaliza, ndipo yesani pa save yatsopano musanatsegule imene mwaivutikira.

Zikavuta, werengani zimene gemu yalemba yokha musanaloze chala munthu. SMAPI imalemba mayina a ma mod amene yawakana ndi chifukwa chake. Minecraft imasiya crash report. The Sims 4 imasiya fayilo ya lastException m'foda yake. Dzina limene latchulidwa mmenemo ndi poyambira kufufuza, koma nthawi zina ndi la mod imene yapunthwa, osati imene yaika chopunthwitsacho. Zolembazo zikapanda kuthandiza, pali njira imene osewera The Sims amaitcha 50/50: chotsani theka la ma mod n'kuyesa, vuto likakhalapobe lili m'theka lotsalalo, ligaweninso pawiri. Ma mod 200 amatha ndi maulendo 8 okha, chifukwa mukagawa 200 pawiri mobwereza kasanu ndi katatu mumatsala ndi imodzi. Njirayi ili ndi msampha wake. Vuto likakhala mkangano wa ma mod awiri, mukawalekanitsa limazimiririka m'matheka onse awiri, ndipo munthu amasokonezeka. Zikatero siyani theka limodzi lonse lili mkati, n'kumagawa linalo mpaka mutapeza woyamba, kenako chitani chimodzimodzi kuti mupeze mnzake. Ma library amene ena amadalira asachoke pa kuyesa konseko, apo ayi mudzakhala mukuthamangitsa vuto latsopano limene mwalipanga nokha.

Anthu ena amasankha kusasuntha n'komwe. Minecraft 1.7.10 ya 2014 ndi 1.12.2 ya 2017 zikuseweredwabe chifukwa ma mod ochuluka anakhwimira pamenepo, ndipo popeza gemu sikusinthanso pansi pawo, mikangano yawo inapezeka n'kukonzedwa pang'ono ndi pang'ono. Pa Skyrim pali ambiri amene anatsalira pa 1.5.97. Ma modpack a pa CurseForge ndi Modrinth amatsatira nzeru yomweyo: amamanga pamodzi version imodzi ya gemu ndi version imodzi ya mod iliyonse, zimene wina waziyesa kale kuti zikugwirizana. Mtengo wake umagwera opanga ma mod. Osewera akagawikana, munthu mmodzi amayenera kusamalira mod yake pa ma version awiri kapena atatu, kuyesa chilichonse kangapo, ndi kuyankha madandaulo a anthu amene nthawi zambiri satchula n'komwe version imene ali nayo. Ena amafika potopa n'kulengeza kuti azisamalira yatsopano yokha, ndipo amene anatsalira m'mbuyo amayenera kusankha pakati pa mod imeneyo ndi ena onse amene sanasamuke.